Katupe pa Dziwe la Mbewu

Fungo ndi limene linayamba kumulandira Sajeni Aliness Mukhova asanalione n'komwe dziwelo. Anaimika njinga yamoto pansi pa mtengo wa mango n'kutsetserekera ku mtsinje wa Nanthipwe atatseka mphuno ndi mpango. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi, ndipo phiri la Michesi linkangooneka mbuu ndi utsi.

Dziwe lonse linali mbee! Makumba akuluakulu, nsomba za ku Chilwa zija, anali gadagada, mimba kumwamba, ena atatsakamira m'mabango. Anthu anaima m'mphepete manja ali m'khosi ngati pamaliro.

Ndipo analidi maliro. Chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inali itaphwera kutali, moti pomwe pankayenda mabwato pankadutsa njinga. Nsomba zopulumuka zinathawira m'mitsinje n'kubisala m'maiwe akuya ngati limeneli, kudikira mvula kuti zitsike ndi madzi zikadzazenso nyanja. N'chifukwa chake anthu ankalitcha dziwe la mbewu. Komiti ya m'mudzi inaletsa mbedza, inaletsa ukonde, n'kuikapo mlonda. Mlondayo, dzina lake Goliati, ndiye anali atagona m'chitokosi cha polisi, anthu atamupititsako okha dzulo lake.

"Mwafika bwana! Nkhaniyi ndi yaifupi, musatope nayo n'komwe." Amene ankalankhulayo anali mwamuna wamtali wa malaya osita bwino, ndipo sanadikire kufunsidwa. "Ine ndine Laston, wa komiti. Goliatiyo ndi mlamu wanga, anakwatira mlongo wanga. Zikundipweteka, koma chilungamo n'chilungamo. Bwerani muone."

Anamutengera pamwala wathyathyathya pomwe panali mulu wa mizu yosinja.

"Katupe uyu. Ndamupeza ine ndi maso angawa. Munthu wakunyanja uja, bwana, nsomba akaziona mtima sukhala m'malo. Masiku onsewa pachisakasa chake cholondera sankapezekapo. Mufunseni kuti anali kuti, muona ngati ayankhe."

Ankalankhula uku akukanda zikhatho pa buluku, akasiya pang'ono n'kuyambanso.

Aliness ananjuta n'kutola muzu umodzi ndi kamtengo. Katupe sanali wachilendo kwa iye, alongo ake ankapha naye nsomba iye ali mwana. Umasinja mizuyo, kuiika m'thumba, n'kumafinyira m'madzi mpaka itasukuluka ngati zotsala za nzimbe. Koma iyi inali ikadali ndi utomoni wake wonata, ndiye kuti madzi sinawalawe n'komwe.

Anasuzumira m'mphepete mwa dziwe. Ambululu ankasambira mwaufulu. Timatemba ting'onoting'ono tinali titaunjikana pamwamba pa madzi, tikuyasamula pakamwa, koma tamoyo. Ha, katupe wamtundu wanji wosankha akuluakulu n'kusiya ana? Amene iye ankamudziwa ankayambira tating'ono tomweto. Ndiponso ndi msodzi uti amene amathira katupe n'kusiya nsomba ziwole?

Chapatali pang'ono panali mnyamata wa nsapato za mphira ataima m'matope, akutembenuza nsomba zakufa ndi ndodo. Ameneyu anali Jonathan, mlangizi wa za nsomba wochokera kuboma, ndipo nkhope yake inali ya munthu woti sanadye.

"Achimwene," anamuitana Aliness, "kupatula katupe, n'chiyani chingaphe nsomba zikuluzikulu n'kusiya tiana?"

"Kusowa mpweya, amayi. Madzi oyenda ndi amene amabweretsa mpweya m'dziwe. Akaima, kutentha kuli chonchi, zikuluzikulu zimayamba kubanika, makamaka mbandakucha. Nanenso ndakhala ndikuganiza zomwezo, koma Nanthipwe sauma. Ngakhale chilala cha chaka chatha ankayenda."

Aliness anakhudza ndere za pamwala. Zinali zikadali zachinyezi, koma madzi anali atazisiya m'mwamba pafupifupi mkono wathunthu. Anazungulira mabango mpaka pomwe mtsinje umalowera m'dziwemo.

Pamiyala yolowera madzipo panali pouma, ndipo buluzi ankaotherapo dzuwa.

* * *

Nyumba ya Goliati inali kuseri kwa nyumba yamalata ya apongozi ake, monga zimakhalira ndi mkamwini aliyense kumeneko. Mwamuna amabwera ndi chikwama chake basi. Malo ndi a kuchikazi, munda ndi wa kuchikazi, ana ndi a kuchikazi. Tsiku loti eni mudzi atopa naye, amanyamula chikwama chomwecho n'kuona msewu.

Mkazi wake, Magret, anali pakhonde, kamwana kakakazi katamukoleka m'khosi.

"Amuna anu anali kuti masiku amene sankapezeka kudziwe?"

"Ku Chiringa. Kumsika."

"Kukagula chiyani?"

Magret anayang'ana pansi. "Sanandiuze."

"Anabwera ndi nsomba kuno?"

"Ayi. Lowani muone nokha. Chiyambire ntchito yaulondayo, bambo a Lily nsomba sadya n'komwe. Amati kuli ngati kudya mbewu ya m'nkhokwe."

Aliness analowadi. Munalibe mamba, munalibe fungo, ndipo pamoto panalibe chizindikiro choti pawambidwapo kanthu. Potuluka maso ake anagwera pa khola la anapiye lolukidwa ndi ulusi wa ukonde, mfundo zake zing'onozing'ono, zofanana ngati zachita kuyezedwa.

"Analuka ndani ili?"

"Iwowo. Chilichonse amamanga choncho. Ngakhale thumba la chimanga samanga ndi luzi ngati anthu ena, amachita kulisoka ngati akukonza ukonde." Magret anatsala pang'ono kumwetulira, koma kumwetulirako kunazima mwadzidzidzi.

"Iwe Magret, mlendo wam'patsa mpando?"

Anali mayi Alesi, amayi ake a Magret ndi Laston, ntchembere yojintcha yodziwika pa malonda a matimati, ya mawu oti akanong'ona amamveka tsidya lina. Anakhala pampando womwe ankafunsira mlendowo.

"Amayi apolisi, ine mkamwini ameneyu ndinamulandira ndi manja awiri. Anabwera kuchokera ku Swang'oma nyanja itayamba kuuma, alibe ndi supuni yomwe. Ndam'patsa mwana wanga, ndam'patsa pomanga. Za nsombazo akuzidziwa yekha, ife kuno ndife alimi."

"Ndikuonadi kuti ndinu alimi," anatero Aliness.

Pamthunzi wa nyumba yamalata ija panali madengu a matimati onenepa, ndi mitolo ya mpiru wobiriwira ukudontha madzi. Njira yonse kuchokera kudziwe Aliness anali atadutsa madimba ofota okhaokha.

"Dimba lanu lili kuti, amayi?"

"Kumtunda uko. Mulungu wangotikomera mtima chaka chino."

Magret anadzuka n'kulowa m'nyumba, mwana ali m'manja, ndipo sanatulukenso.

* * *

Aliness anatenga Jonathan n'kuyamba kukwera, kulowera cha ku Fort Lister. Sanatsate njira, anayenda m'kati mwenimweni mwa mtsinje, ndipo nsapato zake sizinanyowe. M'timaenje tina munali nkhanu zikukumba matope kufuna pothawira.

Atakwera ndithu anapeza mayi wina wowonda atakhala pa kheni yothirira mbewu yopanda madzi, akuyang'ana kabichi wake amene anali atagona ngati nsanza. Anati dzina lake ndi Peggy.

"Ine musandifunse, bwana. Ine sindinaone kanthu. Anthu amenewa timapemphera tchalitchi chimodzi."

"Sindinakufunseni chilichonse, amayi."

"Eya, musandifunse. Koma poti dimba langa lili pompano, nanga ndikanatsinzina? Sabata yatha yonseyi Goliati amasenza matumba a mchenga apa, msana uli pamtunda, mayi Alesi ataima ndi ambulera akuloza pomwe aike. Iye uja akanakana? Apongozi atanena? Munthu woti akakumana nawo panjira amapatukira kutchire! Koma ine sindinaone kanthu."

"Madzi anasiya nthawi yomweyo?"

"Ayi, ndipo pamenepo ndisaname. Anachepa, koma ankabwera, tinkathirira ndithu. Ndiye Lachisanu mmamawa ndikuona Laston akutsika ndi thumba paphewa, wavula malaya ake okongola aja wawapachika pamtengo. Dzuwa lisanafike pamutu, madzi phwa! Taonani kabichi wanga. Ndikanakadandaula kwa ndani, wakomiti ndi yemweyo?"

"Mungadzanene zimenezi kupolisi?"

"Asa! Ine? Ndanena kale kuti sindinaone kanthu." Anayang'ananso kabichi uja. "Mwina mukanditumizira njinga."

Atangokhota pathanthwe, anauona. Unali mpanda wa matumba a mchenga wodutsa mtsinje wonse, wofika m'chiuno, ndipo kuseri kwake madzi anali thoo. Ngalande yatsopano inkawatenga kupita nawo m'dimba lalikulu lobiriwira ngati kuli dzinja.

"Mayo ine," anatero Jonathan.

Aliness anayenda m'mbali mwa mpandawo akugwira thumba lililonse kukamwa. Onse anali osoka ndi ulusi wa ukonde, mfundo zomwe zija za pakhola la anapiye. Womangayo sanafune kubisala, kapena mwina manja ake sankadziwa kumanga mwanjira ina. Koma pakati penipeni, pansi, panali china. Anali atayalapo miyala iwiri yathyathyathya mbali ndi mbali, wina pamwamba, n'kusiya khomo loti mwana akhoza kukwawiramo. Khomolo linali lotseka ndi thumba limodzi lokha, lolowetsedwa mokakamiza, ndipo kukamwa kwake kunali kopotokola n'kumanga ndi luzi.

"Womanga anasiya khomo," anatero Aliness. "Wina ndiye anabwera kudzatseka. Khomo limeneli likanakwanira?"

Jonathan analiyeza ndi manja. "Zikanavutika, koma sizikanafa."

Aliness anajambula zonse ndi foni, kenako anakwinya buluku mpaka m'maondo. Anagwira thumbalo mbali ino, Jonathan mbali inayo. Linakana, linakana, kenako linazuka, ndipo madzi anatuluka mwaukali n'kuwagwetsera onse awiri m'matope. Kumunsi kuja anamva Peggy akukuwa ngati waona mzukwa.

Pofinya malaya ake kumapeto kwa dimbalo, Aliness anaona dzenje lokumba kumene patsinde pa chitsamba chimene ankachidziwa bwino. Pafupi pake panali mwala wosinjirapo, utomoni utaumirapo. Anakumbukira mmene alongo ake ankakandira manja tsiku lonse akasinja katupe osadzola mafuta.

* * *

Goliati anali wamkulu dzina lokha. Anali kamunthu kakafupi, kouma, ndipo atamutulutsa m'chitokosi anakhala pansi ngakhale mpando unalipo. M'zikhatho mwake munali matuza ophulika.

"Munali kuti sabata yatha?"

"Ndinali pompo."

"Munathira katupe?"

"Lembani kuti ndine, bwana."

"Sindinafunse zoti ndilembe. Katupe uja sanalowe m'madzi, a Goliati. Ndachokera kumtunda. Ndaona mfundo zanu, ndaona khomo munasiya lija, ndaonanso thumba limene simunamange inu."

Munthu uja anadzidzimuka ngati wapondedwa pachilonda. Kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana Sajeni kumaso.

"Ndani wakuuzani? Ine sindinanene! Magret wanena?"

"Palibe wa pakhomo panu amene wanena."

"Bwana, pepani, mverani. Mpanda ndinamanga ndine. Ndinawauza apongozi kudzera mwa mkazi wanga kuti khomo lija asatseke, nsomba zifa. Nditaona zayandama ndinadziwa chachitika. Koma mlandu wa katupe ndi wanga, ndauvomera. Ndikagwira ukaidi, ndikatuluka, ndikapeza nyumba yanga ilipo, Lily alipo. Apongozi adzadziwa kuti ndinawasungira ulemu. Koma mukakatenga mwana wawo wamwamuna chifukwa cha ine, basi, ine pamudzi paja pandithera."

"Mlamu wanuyo ndi amene anakuikirani katupe pamwala. Ndi amene anatsogolera anthu kukugwirani."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukumuikira kumbuyo?"

"Sindikuikira kumbuyo iyeyo. Lily angoyamba kumene kunena kuti ababa."

Aliness anamva chisoni, chisoni chenicheni, ndipo chinamukwiyitsa chifukwa sichinkasintha kanthu. Anali ataona akamwini ambiri akutuluka m'midzi ndi chikwama paphewa, ena pa zifukwa zochepa kuposa ichi. Koma sakanatumiza munthu kukhoti pa katupe woti sanalowe m'madzi, n'kusiya wotseka mtsinje akuyenda ndi malaya osita. Komanso mvula inali ikadali kutali, ndipo akanangotembenuka thumba lina likanabwerera pakhomo lija.

"Sindingathe, a Goliati," anatero.

Goliati anaweramitsa mutu n'kuyamba kutola timchenga toyera m'mapindiro a buluku lake.

* * *

Laston sanavute. Anamupeza pagolosale akufotokozera anthu za kuipa mtima kwa anthu akunyanja. Aliness anaponya thumba la luzi lija pamapazi ake n'kumuuza kuti atambasule manja. Zikhathozo zinali zofiira, zotupa, zokandikakandika.

"Ndi chitedze ichi, bwana."

"Chitedze chomera pamwala wosinjira katupe, m'dimba la amayi anu? Peggy anakuonani Lachisanu."

Laston anayang'ana anthu aja, anthu aja n'kuyang'ana manja ake.

"Matimati amafota," anatero ndi mawu otsika. "Kakhomo kaja kamataya madzi ambiri. Ndimati nditseke masiku ochepa okha. Nanga ndimadziwa kuti nsomba zimafa zili m'madzi?"

"Nanga katupeyo?"

"Anthu akanakwera kumtunda kukafufuza. Ndimafuna ayang'ane kwina."

"Ndiye munawalozera mlamu wanu."

Wapolisi wina amene Aliness anabwera naye anamukweza Laston panjinga, ndipo malaya aja anali atayamba kale kukwinyika.

Mmawa mwake Goliati anamasulidwa. Za mpanda zija apolisi anati akakambe ndi a zansomba, ndipo Jonathan anali atanena kale kuti adzachitira umboni za khomo lija. Aliness anaganiza zomuperekeza yekha. Munthuyo anakhala kumbuyo kwa njinga. Podutsa pamlatho wamitengo anasuzumira pansi, pomwe Nanthipwe ankayendanso pamiyala.

"Timatemba tija tapulumuka?" anafunsa.

"Tambiri ndithu. A Jonathan akuti mbewu ilipo, ngakhale yochepa."

"Chabwino," anatero.

Sanafike pabwalo. Pamphambano yolowera pakhomopo, pansi pa mtengo wa nandolo, panali chikwama chakale, bulangete, nsapato, ndi chingwe cha ulusi wa ukonde chokulunga bwinobwino. Khasu panalibe, poti khasu linali la eni munda.

Mayi Alesi anali ataima pakhonde la nyumba yamalata. Mkamwini wawo sanamuyang'ane. Sanayambe alankhulapo naye maso ndi maso chikwatirire, ndipo sanafune kuyamba tsiku limenelo.

"Amayi apolisi, muuzeni mlendo wanuyo kuti katundu wake ndi ameneyo."

"Amayi, munthuyu sanakutchuleni. Ndamufunsa, wakana, mpaka kuvomera mlandu woti si wake. Zonse ndazipeza ndekha."

"Mwazipeza ndi mfundo zake. Akanamanga ngati anthu, mukanadziwa bwanji? Mwana wanga wobereka ndekha wagona pasimenti chifukwa cha munthu wobwera. Muuzeni anyamuke dzuwa lisanakwere."

"Nanga mwana wake?"

"Mwana ndi wa pano."

Chitseko cha kanyumba kakuseri kaja chinali chotseka. M'katimo munkamveka kamwana kakulira, kakuitana ababa, ndi mawu a Magret akukatonthoza, nayenso akulira. Chitsekocho sichinatseguke.

Goliati anatsika panjinga. Anayala bulangete pansi, anaikapo nsapato ndi chikwama, n'kudula ulusi ndi mano. Aliness anaima poteropo, chisoti chili m'manja, akuyang'ana zala zija zikumanga mtolo ndi mfundo zing'onozing'ono zofanana. Anafuna kunena kanthu, koma zonse zimene akanatha kunena zinali zoona zokhazokha, ndipo zoonazo n'zimene zinawafikitsa pamenepa.

"Ndikusiyeni kuti?" anafunsa.

Goliati anasenza mtolo uja. Anamvetsera kulira kwa mwana kuja kwa kanthawi, mutu uli pansi.

"Bwana, mukanangondisiya ndi katupe uja," anatero. "Kundende munthu amatuluka."

Anakana kukwera njinga. Anatsetserekera kumtsinje wapansi n'kutsata madzi kulowera kumunsi, komwe kunali nyanja youma.